Mboni ya Bampala

Owerenga anzanga, musanayambe kundiseka dziwani kuti ndinali nditangomaliza sekondale, zotsatira za mayeso zisanatuluke. Mtsikana amene alibe chochita tsiku lonse mutu wake umasanduka holo ya ukwati. Ine ndinali nditasankha kale nyimbo yolowera, mtundu wa madiresi a operekeza, ngakhale mayina a ana. Chimene chinkasowa ndi mwamuna basi.

1

Bambo anga ndi mphunzitsi wa kayendetsedwe ka galimoto. Kagalimoto kawo koyera kali ndi chikwangwani padenga ndi L wofiira kutsogolo ndi kumbuyo. Chiyambireni ntchitoyi sanagundepo ngakhale nkhuku, ndipo zimenezi amauza aliyense, ngakhale amene wangowafunsa njira. Mayi anatisiya ndili wamng'ono, ndiye pakhomo tinalipo atatu: bambo, ine, ndi azakhali, amene anabwera kudzathandiza pa maliro n'kuiwala kubwerera kwawo.

Loweruka lina tinapita kukagula zinthu ku sitolo yaikulu ya bwalo loimikapo magalimoto. Titamaliza tinalowa m'galimoto, koma bambo sanailize msanga. Sindinadandaule, chifukwa maso anga anali atapeza ntchito. Kumbuyo kwathu mnyamata wina wamtali, wa magalasi, ankalongedza katundu m'buti ya galimoto yofiira. Malaya anali atawapinda mpaka m'zigongono. Mmene ananyamulira thumba la shuga, mosamala ngati khanda, ndinadziwa kuti ana athu adzaleredwa bwino. Atatseka buti anayamba kukankha kangolo kubwezera ku sitolo, maso anga n'kumuperekeza.

Kenako ndinamva kuti gu.

Osati chiphokoso ayi. Kanali ka gu kaulemu, konga ka munthu wogogoda pa chitseko cha abwana.

M'galimoto yofiira ija munatuluka mayi wa thupi lake, zibangili mbwee m'manja, tepi yoyezera ili m'khosi. Pambuyo pake ndinamva kuti ali ndi shopu yosoka makatani, ndipo kunyumba kwathu dzina lawo linakhala lomwelo, Mayi Makatani.

"Bambo inu! Maso mwawasiya kunyumba?"

"Mayi, ndinu amene mumabwerera m'mbuyo osayang'ana," anatero bambo, akukonza kolala.

"Ine? Injini sindinailize n'komwe!" Anakweza maso n'kuwerenga chikwangwani chathu mokweza kuti bwalo lonse limve. "Eee, ndiye ndinu aphunzitsi! Tandiuzani, kugunda anthu kumakhala pa phunziro lachingati? Ndikufuna ndilembetse mdzukulu wanga."

Anthu anaseka. Bambo manyazi anawagwira. Tonse tinawerama kufunafuna ngoziyo, ndipo tinaipeza: kamzere pa bampala, kotalika ngati chala, koti munthu wa maso ofooka akanapita kwawo osakaona.

Mlonda wa pabwalopo anafika akupukusa ndodo. "Pali mboni?"

Mnyamata uja anali atabwerera. Anali mwana wa Mayi Makatani. Anakankha magalasi ndi chala, n'kundiyang'ana. Ineyo.

"Mwina achemwaliwa aona," anatero.

"Ndaona zonse," ndinayankha.

Owerenga, sindinaone kanthu.

2

Anagwirizana zokumana ku galaja Lolemba. Ndinadzola mafuta onunkhira a azakhali mpaka iwo eni anayetsemula. Bambo nawo anasita malaya kawiri.

"Ku galaja kapena ku tchalitchi?" anafunsa azakhali.

"Munthu wa mlandu azioneka bwino, achemwali," anatero bambo. "Ukapita uli mbuu amati wolakwa ndiwe."

Wamagalasi, poti ndi dzina limene ndinamupatsa mumtima, anabwera ndi mayi ake. Makaniko anazungulira galimoto yofiira, n'kunyowetsa chala ndi malovu, n'kupaka pa kamzere kaja. Theka linafufutika pomwepo.

"Aka? Polishi pang'ono, katha. Mungondigulira chakumwa chozizira, tisiyane bwino."

Kamzere kakatha, nkhani yatha. Aliyense alowa m'galimoto yake, ndipo Wamagalasi akakwatira wina amene sadziwa n'komwe mayina a ana athu.

"Koma ine ndinamva china chake chikuthyoka m'kati," ndinatero.

Makaniko anandiyang'ana ngati munthu amene wamutolera chikwama chimene anataya. "Eee, zoona, nthawi zina matenda amakhala m'kati." Anagona chagada, n'kulowa pansi pa galimoto. Atatuluka nkhope inali ya dokotala wobweretsa uthenga woipa. Anati zogwirira bampala zatha, buti yapendekeka, nyali ya kumanzere ikuganiza zosiya ntchito, ndipo sakulonjeza kanthu za matayala.

Ndinayembekeza kuti bambo andidzudzula, chifukwa bodza langa linali kuwamiza iwo omwe. Koma anangokhosomola.

"Mwana wanga sanama. Ngati china chathyoka, chathyoka. Koma chinali chothyoka kale. Galimotoyi ndi yakale."

"Wakale ndinu!" anatero Mayi Makatani, zibangili zikulira. "Galimoto yanga inali namwali musanaigunde. Tikaonana kwa a inshuwalansi."

"Tikaonana!"

"Lachinayi!"

"Ndidzafika inu musanafike!"

Potuluka, Wamagalasi anandinong'oneza akumwetulira: "A Mboni, makutu anu ndi akuthwa."

A Mboni. Anali atandipatsa dzina. Ndinkadziwa kuti anthu sapatsa dzina munthu amene sakufuna kumusunga.

3

Bambo wa inshuwalansi anali wowonda, wodwala zilonda za m'mimba, ndipo pa tebulo pake pankakhala botolo la mkaka ndi timagalimoto tiwiri ta ana. Ankatipatsa ife tonse kuti tisonyeze mmene ngozi inachitikira. Bambo akagwira, kofiira kankalumpha ngati kambuzi. Mayi Makatani akagwira, koyera kankabwera ngati sitima. Ndiye onse ankatembenukira kwa ine.

Ntchito yanga inali yovuta kuposa mayeso a masamu. Ndikanena kuti wolakwa ndi bambo, mlandu watha. Ndikanena kuti ndi mayiwo, mlandu watha, komanso apongozi anga adana nane ukwati usanayambe. Ndinayenera kuusunga mlanduwo uli moyo, osanenepa, osafa.

"Chemwali," anatero wa inshuwalansi ulendo wina, akusisita pamimba, "sabata yatha munati galimoto yofiira inali itaima."

"Inali itaima, koma moyenda pang'ono."

"Ndipo ya bambo anu?"

"Imeneyo inkayenda, koma moima."

Anatsegula botolo n'kumwa mkaka osandichotsa maso.

Tikatuluka, akuluakulu aja ankapitiriza kukangana pakhonde mpaka mlembi ankawathamangitsa. Ndiye ankawoloka msewu kukamalizira mkangano m'kanyumba kogulitsa tiyi. Ndinkawaona pawindo, bambo akujambula ngozi pa tebulo ndi masupuni, mayiwo akuwalanda supuni. Ine ndi Wamagalasi tinkatsala pa benchi, pansi pa mtengo, ndipo pamenepo ndiye panali moyo wanga wonse.

Wamagalasi ankagwira ntchito mu famase, sitolo ya mankhwala, ndipo ankanunkhira sopo wa kuchipatala. Mafunso ake anali ondinyengerera mtima.

"A Mboni, bambo anu amamwa?"

"Tiyi yekha."

"Akakwiya amatani?"

"Amatsuka galimoto."

"Nanga pakhomo panu amalamula ndani, iwo kapena azakhali?"

Mwaona? Mnyamata wanzeru amayamba wafufuza banja limene akufuna kulowamo. Ndinamuuza zonse, mpaka zoti bambo amaliza nkonono ngati thalakitala yokwera phiri. Anaseka mpaka kuvula magalasi. Tsiku lina anandigulira ayisikilimu n'kunena kuti, "Ndikuona kuti ine ndi inu tidzagwirizana." Kapepala kokulungira ayisikilimuyo ndinakasita n'kukasunga.

Chimene chinkandipweteka n'chakuti sankafulumira. Milungu inkapita, mawu enieni osatuluka. Ine ndinali nditafika kale pa mwana wachitatu, iye akadali pa nkonono wa bambo.

4

Kenako wa inshuwalansi anatopa nafe.

"Ndakalamba ndi kamzere aka," anatero. "Ndalankhula ndi a sitolo ija. Ali ndi kamera yoyang'ana pabwalo, ndipo zithunzi za tsikulo akadali nazo. Lachisanu tonse tikaonere limodzi. Mkaka wanga wandithera pa inu."

Bambo anangotola makiyi n'kutuluka. Panjira anaiwala kuyatsa indiketa pokhota, chinthu chimene sindinachionepo chibadwire. Ndinaganiza kuti akuopa mbiri ya sukulu yawo ya galimoto. Sindinawamvere chisoni kwambiri, chifukwa ndinali ndi maliro anga. Lachisanu mlandu ufa, benchi ifa, ndiponso dziko lonse lidziwa kuti mboni inali kuyang'ana kwina.

Ndinaona kuti nkhaniyi ikufunika munthu wamkulu woikankha. Ndinapeza azakhali akusita.

"Azakhali, ndikuuzeni chinsinsi, koma musauze munthu."

Anazimitsa ayironi. Azakhali akamva mawu oti chinsinsi amazimitsa chilichonse.

"Mwana wa Mayi Makatani akundifuna."

"Mwana wa mdani wathu? Wanena yekha?"

"Sananene ndi pakamwa. Koma wafunsa za banja lonse. Wandigulira ayisikilimu. Akuti tidzagwirizana."

"Wa mu famase uja? Mankhwala anga a miyendo tizidzagula motchipa!" Anaomba m'manja. "Mwana iwe, amuna a masiku ano ndi amanyazi, amafuna kuwatsegulira chitseko. Lachisanu ndipita nawo. Ndikamuone mkamwini ndi maso angawa."

Dzuwa lisanalowe, chinsinsi changa chinali chitafika kwa amalume, kwa amayi a kwaya, ndi kwa mayi wogulitsa mazira pakona, amene anandiyamikira n'kundiwonjezera dzira limodzi.

5

Chipinda cha alonda chinali chaching'ono, chotentha, chonunkha masokosi. Tinadzazamo: bambo, Mayi Makatani, Wamagalasi, wa inshuwalansi ndi botolo lake, mlonda, ine, ndi azakhali atavala chipewa cha maluwa chimene amavala pa maukwati okha. Ankamuyang'ana Wamagalasi kuyambira kunsapato, n'kumandigwedezera mutu movomereza.

Mlonda anadina batani. Bwalo linaoneka pa sikirini.

Galimoto yofiira inali itaima. Osati moyenda pang'ono. Itaima ngati nyumba.

Kagalimoto kathu nako kanali phee. Kenako tinaona bambo m'kati akutembenuza galasi, osati kuti aone kumbuyo, koma kuti adzione okha. Anatulutsa chipeso. Anapesa. Anakonza kolala. Anayang'ana kumanja, kumanzere, kumanjanso, monga amaphunzitsira. Anayatsa indiketa.

"Indiketa?" anatero wa inshuwalansi.

Kagalimoto kanayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono ngati kakuperekeza maliro. Katatsala pang'ono kuidutsa galimoto yofiira bwinobwino osaikhudza, kanaima. Kanapita kutsogolo. Kanakonza ngodya. Kanabwereranso, mwaluso, mosamala, n'kukapsompsona bampala ya Mayi Makatani.

Ndipo pawindo la kumanzere panali mutu wanga, wonse uli kunja, kukamwa kuli yasa, ukutsatira mnyamata wokankha kangolo kulowera mbali ina.

Mlonda anaseka mpaka kugwira khoma. "Ndibwezerenso?"

"Ayi," tinayankhira limodzi ine ndi bambo.

Wa inshuwalansi anatseka botolo lake modekha. "Akulu, ine ndagwira ntchitoyi zaka zambiri. Iyi si ngozi. Uku ndi kuimika galimoto pa galimoto inzake. Kampani silipira zoterezi. Funso langa ndi limodzi, ndipo si la kampani, ndi la zilonda zangazi: chifukwa chiyani?"

Bambo anayang'ana nsapato zawo. Mawu anatuluka ang'onoang'ono, osati a mphunzitsi.

"Mayiwa ndinkawaona Loweruka lililonse. Chaka chonse. Ndinkaimika pafupi, n'kukonza mawu, koma akatuluka m'sitolo pakamwa pankauma. Ndinayesa kupita ku shopu kwawo, ndinangogula makatani a bafa n'kutuluka. Ine zolankhula ndi amayi ndinaiwala kalekale. Chimene ndimadziwa ndi galimoto."

"Achimwene!" anakuwa azakhali. "Makatani aja munati munawina pa mpikisano!"

Tonse tinatembenukira kwa Mayi Makatani kudikira bingu. Iwo anangopinda manja, zibangili n'kulira pang'ono.

"Mukuganiza kuti sindinaone? Galasi ndili nalo nanenso. Ndinaona bambo akupesa, akuyatsa indiketa, akubwera. Ndinati, koma lero ndiye alimba mtima. Munthu woyatsa indiketa asanakugunde ndi wosowa, bambo wa inshuwalansi, ameneyo sungamusiye apite." Anatembenukira kwa bambo. "Koma inunso, moni akanakuphani? Mwanditayitsa nthawi ndi timagalimoto ta ana. Mwanayu akanapanda kumva zothyoka m'kati, bwenzi mutathawa pa galaja pomwe paja."

"Ndiye mukuti bwanji, mayi?" anafunsa bambo.

"Ndinakuyankhani kale ku tiyi kuja. Mukufuna ndibwereze pamaso pa alonda?"

Mlonda anaomba m'manja. Wa inshuwalansi anang'amba fayilo pakati ndi nkhope ya munthu wochira.

Apa, owerenga, munthu wanzeru akanakhala chete. Koma m'chipindamo munali mutadzaza chikondi, ndipo ine ndinaona kuti chitseko chatseguka, ndilowe nawo chisanatsekedwe. Ndinatembenukira kwa Wamagalasi.

"Nanga ife?"

"Ife?"

"Musachite manyazi, bambo," analowerera azakhali, akukonza chipewa. "Mwanayu wandiuza zonse. Abale onse akudziwa. Tingopanga ukwati umodzi wa anthu anayi, tipulumutse za holo."

Wamagalasi anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso, ngati vuto linali magalasiwo.

"A Mboni, pepani, mwina sindinamve. Ukwati wa ndani?"

"Munafunsa za banja lathu," ndinatero, mawu akuchepa. "Munati tidzagwirizana."

"Eya, chifukwa amayi anandituma. Anati ndifufuze ngati bambo anu amamwa, ngati amamenya, ndiponso ngati mwana wawo ndi wovuta kukhala naye nyumba imodzi. Ndinakawauza kuti ndinu mwana wabwino, wongokonda kulota." Anakankha magalasi ndi chala. "Ine ndili naye kale wanga. Ndi namwino. Amayi akumudziwa."

Pa sikirini mutu wanga unali ukadali pawindo, kukamwa yasa, chifukwa mlonda anaimitsa chithunzi pomwepo.

"Ndiye mankhwala a miyendo aja?" anafunsa azakhali.

"Amenewo muzigulabe motchipa, azakhali," anatero Wamagalasi mwaulemu. "Tikhala pachibale ndithu."

6

Ukwati wa bambo unachitika mvula isanayambe. Ine ndinagwira maluwa. Abale amene anamva chinsinsi changa anabwera onse, ndipo aliyense ankandigwira dzanja nthawi yaitali n'kunena kuti, "Limba mtima," ngati ndine wamasiye. Amalume polankhula anathokoza Mulungu, makolo, ndi "mboni yathu imene inagwira ntchito usana ndi usiku kuti ipeze mchimwene." Holo yonse inagwa ndi kuseka. Mayi wa mazira anandifunsa ngati ndingabweze dzira lija.

Tinasamukira m'nyumba imodzi. Mawindo onse ali ndi makatani, ngakhale kawindo ka m'chipinda chosungira makasu. Wamagalasi amagona chipinda choyang'anana ndi changa. Ndadziwa tsopano kuti amasiya thaulo lonyowa pampando, amatafuna mokweza, ndipo m'mawa amagogoda pa bafa akukuwa kuti, "Sisi, mwafera momwemo?"

Mwezi watha anandipempha kuti ndimuperekeze m'tauni. Tinalowa m'shopu ya mphete, ya magalasi owala ndi kanyimbo kapansipansi, yofanana ndendende ndi imene ndinkailota ndili pa benchi paja.

"Zala zanu n'zofanana ndi za namwino wanga," anatero. "Tabweretsani dzanja."

Anagwira dzanja langa. Anandiveka mphete pang'onopang'ono, akuyang'ana mosamala. Mayi wogulitsa anaika manja pachifuwa. "Koma ndiye mukuyenerana! Mpaka mwayamba kufanana nkhope."

"Ndi mlongo wanga," anatero iye, osakweza n'komwe mutu. "Sisi, vulani, yakwana."

Sinavuke. Ndinakoka, anakoka, mayi wogulitsa anakoka. Chala chinatupa ngati soseji. Anandipititsa kuseri, pa sinki ya antchito, n'kundipaka sopo wotsukira mbale mpaka m'chigongono. Mpheteyo itavuka inagwera mu sinki n'kulira kuti ngwee, ndipo mchimwene wanga anaitola msanga, n'kuipukuta ndi malaya, n'kuifunsa ngati yavulala. Mpheteyo, osati ine.

Owerenga okondedwa, makamaka inu atsikana anzanga amene mwakhala pakhomo kudikira zotsatira: ndikanakonda kukuuzani kuti ndaphunzira kudekha, koma ndingakunamizeni, ndipo za kunama mwaona kumene zinandifikitsa. Ndingokupemphani ziwiri. Magalimoto akakhudzana pabwalo, makaniko n'kunena kuti ndi za polishi, musiyeni apake polishiyo. Ndipo mnyamata akayamba kukufunsani ngati bambo anu amaliza nkonono, musathamangire kusankha mayina a ana. Yambani mwafunsa kuti wamutuma ndani.

Ukwati wa mchimwene wanga ndi mwezi wa mawa. Namwino uja wandisankha kukhala woperekeza wamkulu, ndipo wandifunsa ngati ndili ndi maganizo pa nyimbo yolowera ndi mtundu wa madiresi. Ndamupatsa zanga zonse. Mayina a ana okha ndawakaniza.